Tipita Oda Ikachoka

Ku Lusaka ine sindinapitire ntchito ayi. Ndinapita kukatenga munthu. Ntchitoyo inangondikola m'njira, n'kundisunga kumeneko mpaka ndevu zanga zinayamba kumera imvi.

Munthuyo anali alamu anga a Mwale, amuna a alongo anga aNaphiri. Anachoka kwathu ku Dedza mwana wawo womaliza ali kumsana, n'kumati akukagwira ntchito chaka chimodzi chokha kuti agule makina osokera, poti alongo angawo anaphunzira kusoka kwa asisitere ku mishoni. Mwana uja anayamba kuyenda, anagulula mano, anayamba sukulu, bambo ake osawadziwa nkhope. Amalume athu atamwalira, unkhoswe wa banjalo unagwera ine, ngakhale ndinali wamng'ono kwa aNaphiri.

Tsiku lina m'mawa ndikukhomera khasu, anandiitanira m'nyumba mwawo. Anandilozera mabulangete pa chingwe, mphika wachitsulo, nyale ya galasi, wayilesi yopanda mabatire, ndi miyendo yachitsulo ya makina osokera itaimikidwa pakona, yopanda mutu wake.

"Achimwene, mwaona? Chilichonse chimafika. Munthu akangochoka ku Zambiako, ndiye kuti wanditengera kanthu. Tandiuzani, bulangete limafunsa kuti ana adya? Ine ndatopa kukwatiwa ndi katundu. Pitani mukanditengere munthu. Akakana mudzandiuze, ndidziwe kuti ndine mbeta."

Ndinalonjeza. Ndinali wamng'ono, magazi akuwira, ndipo ndinaganiza kuti ndi nkhani yongofika n'kumugwira munthu pamkono.

Ndinadutsa pa Mchinji, ndinagona pa Chipata, n'kukwera basi imene inatigwedeza mpaka matumbo kusokonezeka. Pa mlatho wa Luangwa asilikali anatitsitsa tonse n'kutisecha. Ku Lusaka ndinkangodziwa liwu limodzi, Kabwata, dera limene alamu ankakhala, ndipo ndinayenda nalo pakamwa mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandilozera timanyumba tozungulira taudzu timene azungu anamangira amuna obwera okha kudzagwira ntchito. Alamu ndinayamba kuwamva fungo ndisanawaone. Fungo la chikopa chonyowa, abale inu, losachoka ndi sopo wamtundu uliwonse! Anali atakhala pakhomo akusenda chinangwa, manja ali obiriwira mpaka m'zigongono.

"Aaa, mlamu! Akutuma ngati mesenjala wa pa boma? Chipewa chofiira chili kuti?"

"Ndabwera kudzakumangani. Longedzani, matchona inu."

Anaseka mpaka misozi, anandikumbatira ndi manja onunkhawo, nafunsa za mwana aliyense ndi dzina lake, za mbuzi, za mtengo wa pichesi umene anabzala kuseri kwa nyumba. Sanaiwale kanthu munthu uja. Ichi ndicho chimandipweteka mpaka lero, chifukwa akanakhala woiwala kwawo, kapena wokhala ndi mkazi wina m'tauni, ndikanangobwerera n'kukathetsa ukwati. Koma anali yekhayekha, ndi mphasa imodzi ndi kasupuni kamodzi.

"Tipita, mlamu," anatero. "Tipita oda ikachoka."

Oda imeneyi ndiifotokoze. Alamu ankagwira ntchito pa fakitale ina kuseri kwa njanji, yofufuta zikopa za ng'ombe ndi kusoka magolovesi a anthu ogwira ntchito zolemera. Ambiri mwa magolovesiwo ankapita kutsidya kwa nyanja, kwa munthu wa ku dziko lozizira amene palibe wa ife anamuonapo. Tinkangomutchula kuti Kasitomala, ngati ndi dzina la ubatizo. Iyeyo akaitanitsa katundu wambiri nthawi imodzi, ndiye oda imeneyo, ndipo lamulo la pa fakitale linali lakuti palibe wopita ku tchuthi oda yakunja isanatuluke pa geti. Mlendo ngati ife akachoka popanda chilolezo, pobwera ankapeza malo ake apatsidwa mwini dziko. Koma oda ikachoka, lole ya kampani yokatenga zikopa ku Chipata inkanyamula a kummawa onse ndi katundu wawo, n'kukawasiya pafupi ndi malire.

"Yatsala pang'ono," anatero alamu. "M'malo mongokhala n'kumandithera ufa, bwera ndikakuonetse kwa kapitawo."

Kapitawoyo anali Ba Mulenga, Mbemba wamfupi wa mawu aakulu. Anandiyang'ana mapewa nati, "Shani, ba Malawi? Uziba kukhoma misomali?" Ndinati ndimadziwa. Ndi mmene ndinakhalira wokhoma mabokosi otumizira katundu kunja. Ndinadziuza kuti ndi za mwezi umodzi.

Mwezi usanathe, malire a kummwera anatsekedwa. Ife za ndale sitinkazitsata kwenikweni, tinkangomva pa wayilesi kuti azungu a ku Rodeshiya ndi boma la kuno sakumwerana madzi. Koma pa fakitale tinazimva m'thupi. Mankhwala ofufutira, ulusi, masingano, zonse zinkabwera pa sitima kuchokera ku doko la Beira kudzera kumeneko, ndipo mabokosi athu ankatulukira njira yomweyo. Zonse zinangoti zii. Migolo ya mankhwala inali itafika kale padoko, koma inali ngati ili kumwamba.

Bwana wa fakitale, Ba Manija, anatisonkhanitsa pabwalo. Anali mwana wa dziko lomwelo, wophunzira kunja, wokhala ku Kabulonga kwa anthu olemera, munthu wosakalipa koma wosayang'ana munthu m'maso. Anati Kasitomala sitingamutaye, chifukwa ndiye amabweretsa ndalama zakunja, ndipo popanda iye boma silingatilole kuitanitsa ngakhale singano imodzi. Choncho zimene zinali zitatha kale tizitumize msanga, ngakhale zinali zosakwana n'theka lomwe, zotsalazo zidzatsatira.

Wina anafunsa kuti munthu woitanitsa thumba lathunthu angakondwe bwanji ndi kambale. Ba Mulenga ndiwo anayankha.

"Imwe simuziba bizinesi. Kasitomala ali monga mukazi ku munzi. Ukamutumila tung'ono tung'ono, sathaba. Azalindila chabe."

Anthu anaseka. Alamu anandigunda ndi chigongono. "Wamva, mlamu? Nzeru zanga zimenezi, akuba."

Ine sindinaseke. Ndinawauza pomwepo, anthu akumva, kuti mlongo wanga si kasitomala, ndipo akadzabwerezanso ndidzawagwetsera m'dzenje la laimu loviikamo zikopa. Madzulo tinauyamba ulendo wobwerera ku Kabwata. Pofika pamsika anagula chimanga chootcha, anachithyola pakati, nandipatsa mbali yaikulu. Umu ndi mmene ankapepesera.

Kuyambira pamenepo ndinaona nzeru zonse zimene anthu amachita kuti munthu wakutali asakwiye. Mu ofesi munali makina a mauthenga amene ankagogoda okha, ndipo akayamba kugogoda ife kunja tinkadziwa kuti Kasitomala wadzuka. Ba Manija ankatuluka thukuta lili kamukamu, n'kukwera galimoto kupita ku maofesi a boma, mwina mpaka kunyumba za akuluakulu ku Woodlands, kukapempha chilolezo cha ichi ndi icho. Magolovesi amene tinasokera migodi ya ku Kopabeluti tinawamasula m'mitolo n'kuwalongedza m'mabokosi akunja, a kumigodiwo n'kuuzidwa kuti adikire. Makina osokera akathyoka, ankaphwasula ena kuti achotsemo chitsulo, mpaka mzere wonse wa kukhoma unasanduka mafupa okhaokha. Amayi osoka ankatola tizidutswa ta ulusi pansi n'kumalumikiza.

Mankhwala atatheratu, anatumiza lole kukatenga makungwa a mitengo kuti tifufutire mwachikale. Alamu anakondwa, anati tsopano oda ithadi. Zikopa zinatuluka zofiirira, zolimba, zabwino ndithu kwa ine. Anasoka magolovesi ochepa n'kuwatumiza pa ndege kuti Kasitomala awaone. Makina aja anagogoda: ayi, akufuna ofewa, otuwa, ngati oyamba aja. Zikopa za miyezi yambiri zinangounjikidwa m'shedi.

"Oda ikachoka, mlamu."

"Ichoka liti? Ine ndinasiya munda wosapalira!"

"Munda sathawa nawo. Taona, ndapeza nsalu ya diresi. Mwana wa a Chimbalanga akupita kumudzi Loweruka, akawapatse alongo ako."

Ndinkakalipa, koma nsaluyo ndinkathandiza kukulunga. Nanenso ndinayamba kuikamo kanga, kasopo, kashuga, tikakapeza. Zinthu zinali zitayamba kusowa m'tauni monse. Tinkaima pa mzere wa mafuta ophikira kuyambira m'mawa, anyamata achipani akutifunsa makadi, n'kufika kutsogolo atatha. Loweruka lililonse masana alamu ankavala jekete lawo limodzi lija, tiyende ku Cairo Road, sitolo ndi sitolo, kufunsa mutu wa makina. Mmwenye wina anafika potizolowera. Tikangosuzumira pakhomo ankakweza dzanja: "Ikalibe kubwela, ba Mwale. Ili pa Beira." Alamu ankati, "Basi ili limodzi ndi mankhwala athu, zikucheza."

Sindinganame kuti zonse zinali zowawa. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tinkakhala pansi pa mtengo ndi anthu akwathu, a ku Ntcheu, a ku Kasungu, ndi Achewa a ku Katete amene ankatiseka kuti timalankhula ngati buku la Misa. Alamu anali ndi mawu abwino a besi. Akamwa chibuku pang'ono ankayimba nyimbo za kumudzi, n'kumavina atakhala pansi, mapewa okha. Anthu ankawakonda. Ngakhale pamene anagwetsa timanyumba tambiri taudzu tija kuti amange nyumba zosanja, mayi wina wa mumpingo, Amake Tisa, anatipatsa chipinda kuseri kwa nyumba yawo chifukwa cha alamu, osati chifukwa cha ine. Ine ankati ndine wamkamwa.

Kenaka anatsegula njira ya kumpoto, ya malole, mpaka ku doko la Dar es Salaam. Madalaivala ankabwerako ataonda, akusimba za matope ndi malole ogubuduzika m'maphompho. Mabokosi anga oyamba kudzera kumeneko anakakhala padoko mvula yonse, pabwalo, chifukwa katundu wa dziko lonse anali ataunjikana pamenepo. Atafika kwa Kasitomala, magolovesi anali atachita chuku. Makina anagogoda tsiku lonse. Ba Manija anavomera kuti tisokanso ena m'malo mwake, ndipo ine anandiuza kuti ndiziyala pepala laphula m'kati mwa bokosi lililonse, ndi kukhoma misomali mothinana kuti madzi asapeze polowera. Ndinafika pokhala katswiri, bokosi langa ukanaliponya mumtsinje likanayandama. Ukatswiri wake umenewo, ha!

Mankhwala nawo anabwera kudzera kumpoto komweko, koma sanali aja tinawazolowera. Anagulidwa ku dziko lina, kumene anapezeka, ndipo migolo inafika zolemba zake zitafufutika ndi dzuwa ndi mvula. Ukatsegula mgolo, mphuno zinkawawa ngati wanunkhiza tsabola wopsereza. Zikopa zinkatuluka zofewa, zotuwa, zimene Kasitomala ankafuna. Koma nsapato zamphira ndi magolovesi amphira a anthu a kumaenje zinali zitang'ambika kalekale, ndipo zatsopano zinalinso pa Beira. Alamu ndi anzawo ankalowa m'maenjemo atakulunga miyendo ndi masaka.

Ndinapita kwa Ba Mulenga. "Tikusoka magolovesi tsiku ndi tsiku, milu ndi milu. Simungapereke awiri okha kwa anthu awa?"

"Awe, mwana. Yonse ni yobelengewa. Yonse ni ya Kasitomala. Nikachosapo imozi, bokosi siizakwana." Anayang'ana kumbali. "Na ine nili na chifuba, iwe. Sunimvela nikakhosomola?"

Chifuwa cha alamu chinayamba ngati chimfine. Kenaka zilonda za m'manja zinaleka kupola. Besi uja anasanduka kunong'ona, ndipo m'tchalitchi ankangotsegula pakamwa kutsatira anzawo. Ku chipatala anawapatsa mankhwala a madzi n'kuwauza kuti asiye ntchito ya mankhwala. Anaseka. Asiye oda itatsala pang'ono?

Nthawi imeneyo Kasitomala anatopa ndi mauthenga, natumiza munthu wake kuti adzaone ndi maso ngati fakitale ilipodi. Kunali kalikiliki! Tinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, tinabisa makina ophwasulidwa aja kuseri kwa shedi, ndipo m'mawa wa tsikulo aliyense analandira ovolosi yatsopano ndi magolovesi, ochokera m'bokosi limene ine ndemwe ndinauzidwa kuti ndikhomole. Alamu anawavala, natambasula manja, n'kumawatembenuza uku ndi uku.

"Mlamu, taona. Kani ndi ofewa chonchi? Zaka zonsezi ndimangomva."

Koma mlendo atatsala pang'ono kufika, Ba Mulenga anabwera nawanong'oneza kuti akakhale kuseri, kumene tinabisa makina akufa, chifukwa chifuwa chawo chikanamveka. Anapita osatsutsa. Mzungu uja anazungulira, wamtali, wofiira ndi dzuwa, waulemu ndithu, anatigwira chanza ena a ife. Madzulo ake magolovesi onse anatoleredwa, anapukutidwa, ndipo ine ndinawakhomeranso m'bokosi.

Tsiku lotsatira ananditenga kukanyamula mipando ku phwando la mlendoyo kunyumba kwa Ba Manija ku Kabulonga. Kapinga wobiriwira m'chilimwe, madzi akuwaza okha. Ndili kuseri kwa khitchini ndinamva kuwomba m'manja, ndipo wophika anandiuza kuti agwirizana: Kasitomala adikirabe, koma mabokosi ena apite pa ndege, ngakhale ndi zodula, otsalawo pa malole onse a kampani nthawi imodzi, oda ithe. Ndinathamanga ulendo wonse mpaka ku Kabwata.

Ndinawapeza atagona pamphasa dzuwa likadalipo, chinthu chimene sankachita. Ndinagwada pambali pawo, n'kuwauza zimene ndinamva kwa wophika uja.

"Alamu, tiyeni mawa pa basi. Ntchito ikhale. Ndakupembedzani mokwanira, tsopano ndikulamula monga nkhoswe."

"Ndikafike ndi chiyani, mlamu? Ndi chifuwa? Anthu adzati uyu anapita kukagula makina, wabwera ndi miyendo yokha, mutu anadya."

"Alongo anga safuna mutu wa makina. Akufuna mutu wanu wouma ngati mwalawu!"

Anaseka, kusekako n'kusanduka kutsokomola kwa nthawi yaitali. Atapuma anati, "Basi ija ingandiphe pa Luangwa. Pa lole ndidzagona pa matumba, ndi katundu wathu yense. Wanena wekha kuti oda ikutha. Tapirira zaka, tilephere masabata?"

Zinali zomveka, ndipo ndinavomera. Masabata amenewo tinagwira ntchito ngati akaidi, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Wansembe anadandaula pa guwa kuti mabenchi a abambo ali pululu. Alamu sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Zikopa zomaliza atazitulutsa m'dzenje, anakhala pansi kutsamira mgolo, ndipo analephera kudzuka. Tinawanyamula pa chitseko kupita nawo ku chipatala.

Ndinkapita kukawaona masana aliwonse pa nthawi ya chakudya, utuchi uli m'mutu. Tsiku lomaliza anali atatsamira pilo, maso ali gwa pakhomo, kundidikira.

"Mlamu, yachoka?"

"Tikupakira. Ichoka mkuja."

"Eya. Ndiye tipita." Anatseka maso, kenaka anawatsegulanso. "Pichesi uja akubereka?"

Ndinati akubereka kwambiri, nthambi mpaka kuthyoka, ngakhale nanenso ndinali ndisanamuone zaka zonsezo. Anamwalira dzuwa lisanapendeke, ine nditabwerera kale ku misomali yanga. Anadzandiuza ndi Amake Tisa, atamanga chitenje m'chiuno, ataima pa geti.

Pa fakitale panali mwambo umene tonse tinkaudalira. Wantchito akamwalira, lole ya kampani inkanyamula maliro kupita nawo kwawo, kaya ndi ku Mongu, kaya ndi ku Kasama, ndipo a ku Malawi ankawafikitsa mpaka pamudzi. Ndinalowa mu ofesi ya Ba Manija osagogoda. Pa zenera ndinkaona malole onse atandandalika, atasenza mabokosi anga, matenti atamangidwa kale.

"Ndabwera kudzapempha lole. A Mwale apite kwawo."

Anavula magalasi. Anati amva, ndipo apepesa kwambiri, a Mwale anali munthu wabwino. Koma malole onse ndi odzaza, ndege siidikira munthu, sitima ya pamadzi ikachoka pa Dar ina sadziwa idzabwera liti, ndipo dizilo amene boma linawapatsa ndi wa ulendo umenewu wokha. Ndidikire malole abwere.

"Abwera liti?"

Tonse tinkadziwa kuti lole yopita ku Dar inkatha mwezi, mwina iwiri. Kunali kotentha, mvula isanagwe, ndipo ku chipatala anali atanena kale kuti malo osungira mitembo ndi ochepa.

Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinamenya tebulo mpaka inki inatayika. Ndinati, "Chikopa cha ng'ombe yakufa mwachipezera njira zitatu, ya sitima, ya msewu, ya mumlengalenga! Munthu amene wachifufuta mukulephera kumupezera njira imodzi, ya tsiku limodzi? Tsitsani mabokosi pa lole imodzi yokha! Ndinakhoma ndine, nditsitsa ndekha!"

Ba Mulenga anandigwira kumbuyo. Ba Manija sanaitane apolisi, sanakalipe. Analoza pabwalo pamene panali anthu onse a fakitale, nati, "Bokosi imozi ikasala, oda siinakwane. Oda iyi ikafa, bonse aba bazankhala pa nyumba. Nichite bwanji, iwe? Niuze." Maso awo anali ofiira. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, ndikanadziwa pomuika mumtima mwanga. Anati chimene angathe ndi matabwa, nditenge amene ndikufuna, ndiponso katundu wa malemu adzamutumiza kumudzi lole ikadzabwera. Ndinati katunduyo asavutike naye, kumudziko wakwana.

A mabasi anakana kunyamula maliro. Anthu akwathu anayesa kufunafuna galimoto ina, koma dizilo kunalibe m'tauni monse. Akuluakulu a mpingo anandikhazika pansi nati, mwana wathu, dothi ndi limodzi, tiwaike konkuno.

Bokosi ndinakhoma ndekha. Matabwa ake anali omwewo a mabokosi akunja, chifukwa ena kunalibe, ndipo anali atadindidwa kale dzina la doko la Kasitomala ndi inki yakuda. Ba Mulenga anabwera ndi pulena, anavula shati, napala matabwawo. Inki inali italowerera, zilembo zinkaonekabe pang'ono. Manja anga anachita zimene anazolowera. Ndinazindikira nditayala kale pepala laphula m'kati, misomali nditaikhoma mothinana kuti madzi asalowe. Ndinakhala pansi pa utuchi n'kulira ngati mwana. Mayo ine, alamu anga!

Tinawaika ku manda a Chingwere. Tikupita kumandako pa kagalimoto ka parishi, amayi akuyimba, tinakumana ndi malole a kampani akutuluka kulowera msewu wa kumpoto. Madalaivala anaima m'mbali, anatsika, navula zipewa mpaka titadutsa. Kenaka analiza mainjini. Oda inachoka tsiku limenelo.

Manda atakwiriridwa, mkulu wina wa ku Ntcheu anandiuza kuti nditape dothi la kumutu kwa mandawo, ndimange pa kansalu, kuti kumudzi akakhale ndi choika m'manda polira maliro. Ndinamanga m'mpango wa alamu, n'kuika m'thumba la jekete lawo lija la ku Cairo Road. Sindinapemphe chilolezo cha tchuthi. Ba Mulenga anandiperekeza ku siteshoni ya basi, akutsokomola. Anandiuza kuti makina a mu ofesi agogoda: mabokosi a pa ndege afika, Kasitomala wakondwa kwambiri, ndipo akufuna oda ina yoposa ija.

"Uzabwela, ba Malawi? Malo yako nizasunga."

Ndinati ayi.

Kumudzi ndinafika masana. Njira inali itasintha, inkadutsa pamene kale panali khola la amalume. Ana amene ndinakumana nawo anandipatsa moni wa mlendo. Mwamwambo ndinayenera kuyamba ndafika kwa akuluakulu a kwa a Mwale, kuti uthenga ukalowe m'nyumba ndi anthu oyenera. Koma aNaphiri anali pa mtondo panja, ndipo anandiona ndisanakhote. Anasiya munsi. Anali atachepa thupi, kumutu kwayera. Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, njira yonse mpaka kumene imathera pa mitengo ya bulugamu, ndipo anayang'anabe nthawi yaitali.

Kenaka anaona jekete pa mkono wanga.

"Lowani, achimwene."

M'nyumba munali monse mwa alamu. Mabulangete, mphika, nyale, nsalu zija tinkakulunga limodzi, zina zosasoka n'komwe, zitapindidwa bwinobwino mu lichero. Miyendo ya makina inali pakona pomwe paja, yopakidwa mafuta, yopanda dzimbiri ngakhale pang'ono, ndipo pamwamba pake anaikapo thabwa. Mnyamata wamtali anasuzumira pakhomo, nkhope yonse ya a Mwale, nafunsa amayi ake kuti alendowa ndi ndani. Anamuuza kuti apite akaitane akuluakulu.

Ndinagwada, ndinatulutsa mpango uja, ndinaupereka ndi manja awiri. Ndinafuna kufotokoza za malire, za mankhwala, za malole, koma iwo maso anali pa mpangowo. Anaumasula pa thabwa lija pang'onopang'ono, naliyang'ana dothilo. Linali lofiira kuposa la kwathu. Analikhudza ndi chala.

"Ichi ndiye chomaliza?" anafunsa. "Palibe china chikubwera m'mbuyo?"

"Palibe, alongo."

Anagwedeza mutu, namanganso mpangowo mfundo ziwiri, mosamala, monga ankachitira ndi chilichonse chochokera ku Lusaka.

"Ndinakutumani munthu, achimwene," anatero.

Atatero anatuluka panja, anakhala pansi pa pichesi uja, nayamba kulira maliro.